Musailize injiniyo pongosintha pulopela

Achimwene, mwafunsa ngati mungailize injini ya ndege yanu ya Rotax 912 mutangosintha pulopela. Musailize. Poti idazima m'mwamba n'kumenyetsa pulopela pansi potera, gearbox (bokosi la magiya lozungulitsa pulopela) itsegulidwe, shafiti ya pulopela ndi crankshaft (shafiti yaikulu ya m'kati mwa injini) ziyezedwe ndi dial gauge (chida choyezera kupindika). Crankshaft ya injini imeneyi ndi yazidutswa zokanikizidwa pamodzi, ndiye imatha kupotoka osaoneka ndi maso.

Pezaninso chomwe chidaizimitsa. Pa ndege zomanga nokha vuto limakonda kukhala la mafuta. Tsegulani mbale za makabuleta onse awiri, muone madzi ndi zinyalala, mupimenso kulemera kwa ma float (tizinthu toyandama pa petulo m'mbalemo). Akamwa petulo amalemera, ndipo awiri a kabuleta imodzi asapyole magalamu 7.

Ming'alu imabisala pansi pa penti, pomwe adawotcherera chogwirizira injini ndi mwendo wa tayala lakutsogolo. Chonde, makaniko wa ndege wovomerezeka aione ndegeyo musanaulukenso.