Mayi amene anadziwa za m'dzuwa osapitako

Mphunzitsi wina wa sekondale wanditumizira imelo: "Ana m'kalasi akundifunsa kuti tinadziwa bwanji zoti dzuwa ladzaza ndi mpweya wa hydrogen pomwe palibe anapitako. Ndamvanso kuti anatulukira zimenezi ndi mzimayi. Kodi ndi zoona?"

Ndi zoona aphunzitsi, dzina lake Cecilia Payne. Anabadwa mu 1900 ku Wendover, ku England. Ali pa Newnham College ku Cambridge, anamva katswiri wa nyenyezi Arthur Eddington akukamba za kadamsana wa 1919, mtima wake n'kukodwa ndi nyenyezi. Maphunziro anamaliza koma digiri anamumana, poti Cambridge inayamba kupatsa akazi madigiri mu 1948. Choncho mu 1923 anawoloka nyanja kupita ku Harvard College Observatory ku America.

Ana anuwo muwauze izi. Kuwala kwa nyenyezi (dzuwa nalonso ndi nyenyezi) kukadutsa m'galasi la ngodya zitatu lotchedwa prism kumamwazika mitundu ngati utawaleza, ndipo pakati pa mitunduyo pamaoneka timizere takuda. Chitsulo chili ndi timizere takechake, calcium takenso, hydrogen chimodzimodzi. Akatswiri a nthawi imeneyo, poona kuti timizere ta zitsulo tachuluka, ankati dzuwa ndi dziko lathu zinapangidwa ndi zinthu zofanana. Payne anatenga masamu a Meghnad Saha wa ku India, osonyeza kuti kutentha kwa nyenyezi kumachititsa timizere tina kuoneka kwambiri, tina kuzimirira. Atawerengera kutenthako bwinobwino, anapeza kuti hydrogen ndi helium ndi zimene zadzaza m'nyenyezi, hydrogen akuposa zitsulo kutalitali.

Apa ndi pomwe pamandiwawa. Henry Norris Russell wa ku Princeton, katswiri yemwe mawu ake sankatsutsidwa wamba, anamuuza kuti zimenezo n'zosatheka. Mtsikana wa zaka 24 akanalimbana naye bwanji? M'pepala lake la PhD la 1925 analembamo kuti mwina zomwe wapeza pa hydrogen ndi helium si zenizeni, koma manambala ake sanawafufute. Kwa ine kumeneko ndiye kulimba mtima. Mu 1929 Russell, potsata njira ina, anafika pa yankho lomwelo. Anamutchula Payne, inde, koma kwa zaka zambiri ulemu unkapita kwa Russell.

Payne anakhala ku Harvard zaka zambiri akuphunzitsa pa malipiro ochepa, wopanda udindo womuyenera. Mu 1934 anakwatiwa ndi Sergei Gaposchkin, nabereka ana atatu, ndipo awiriwa anafufuza limodzi nyenyezi zomwe kuwala kwake kumasinthasintha. Upulofesa anaupeza mu 1956, n'kukhalanso mzimayi woyamba kutsogolera dipatimenti pa yunivesiteyo. Zaka 31 chilembereni pepala lija! Anamwalira pa 7 Disembala 1979 ku Cambridge ya ku Massachusetts, ku America.