Funsani Achimwene: Kodi makala amanama zaka?

Funso: Achimwene, pokumba dzenje la chimbudzi kuno ku Linga tapeza mapale ndi makala pansi penipeni. Mwana wanga akuti akatswiri amadziwa zaka za makala, koma aphunzitsi ake adati mpweya wa kuno ndi wa ku Ulaya n'ngosiyana, ndiye zakazo zimasokonekera. N'zoona?
Mayi wa ku Linga, Nkhotakota

Yankho: Amayi, aphunzitsiwo sadaname. Mtengo ukakhala wamoyo umamwa mpweya wokhala ndi kaboni-14, mtundu wa kaboni womwe umatha pang'onopang'ono. Ukafa, kaboniyu amayamba kutha, theka lake m'zaka 5,730, ndipo wotsalayo ndiye amaulula zaka. Njirayi adaitulukira Willard Libby ku Chicago cha m'ma 1949.

Tsono kum'mwera kwa ikweta nyanja zamchere n'zazikulu, ndipo za ku Antarctica zimatulutsa kaboni wokhalitsa pansi pa madzi, womwe kaboni-14 wake adachepa kale. Motero makala a kum'mwera amaoneka okalamba ndi zaka pafupifupi 40 kuposa anzawo a kumpoto. Akatswiri amakonza zimenezi ndi ndandanda ziwiri zomwe adapanga poyeza mizere ya m'kati mwa mitengo: IntCal20 ya kumpoto, SHCal20 ya kum'mwera. Ife pamapu tili kum'mwera, inde, koma m'dzinja, pomwe mitengo ndi chimanga zikukula, mphepo yobweretsa mvula imatengako mpweya wa kumpoto. N'chifukwa chake ena poyeza za kuno amasakaniza ndandanda zonse ziwiri.

Kwa ine zaka 40 si zosowetsa tulo. Pa mbiya zamakedzana zomwe akatswiri amazitcha za Nkope, zoposa zaka 1,000, n'kadontho chabe. Pa Mankhamba, likulu lakale la Amaravi kufupi ndi Mtakataka komwe adakumba katswiri wa zinthu zakale a Yusuf Juwayeyi, zimayamba kuwerengeka, poti ndi m'badwo wathunthu ndi kamchira.

Chondidetsa nkhawa ndi Linga wanuyo. Ngati makalawo ndi a nthawi ya Jumbe, Mswahili wamalonda yemwe adafika ku Nkhotakota m'ma 1840, kaboni sangakuthandizeni kwenikweni: pakati pa 1650 ndi 1950 zaka zambiri zimapereka yankho lofanana. Mikanda ndi mapalewo zinganene zambiri. Minga ya chambo nayo musaidalire, pakuti nsomba imatenga kaboni wa m'madzi, ndipo ikhoza kuoneka yakale kuposa moto womwe idawotchedwapo.

Pakadali pano musafukulenso, chifukwa malo pomwe chinthu chagona ndiwo umboni. Jambulani ndi foni, dziwitsani amfumu ndi a nthambi yoona za zinthu zakale. Chimbudzicho, pepani amayi, kumbani pena.