Madzi a mumpopi nawonso amachita kusenzedwa

Mdzukulu wanga wina amene wangolowa kumene m'banja ku Chilomoni wandidandaulira. Akuti apongozi ake amachita tsinya akamuona akutsuka mbale mpopi uli chitsegulire, ndipo dzana anamudzudzula atakhuthulira m'ngalande madzi otsukuluzira zovala. Funso lake n'lakuti: "Agogo, bilu timalipira ndife, nanga vuto lili pati?"

Mwana wanga, apongozi akowo sakudana nawe ayi. Iwo anakula ndi mtsuko pamutu, ngati ine. Munthu amene analawirirapo m'bandakucha mwezi wa Okutobala, nkhata m'manja, n'kukakhala pansi kudambo kudikira kuti kachitsime kadzadze, kenako n'kumatunga ndi chipande pang'onopang'ono kuopa kuvundula matope, akaona madzi oyera akuthamangira m'ngalande mtima umamuwawa. Chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20. Khosi siliiwala.

Usaganize kuti a mumpopiwo amangobwera okha. Madzi ambiri amene mumamwa mu Blantyre amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo makina a magetsi amachita kuwakankha kukwera zitunda zonsezo kuti afike kwanuko. N'chifukwa chake magetsi akavuta kumeneko mipopi imauma. Iwe ukamawasiya akutayika, kumbuka mnzako wa kumtunda amene mpopi wake umangopuma mpweya usana wonse, amene amadzuka pakati pa usiku kukatchera ndowa. Bilu ndi yako, inde, koma paipi mukumwera ndi imodzi.

Kwathu madzi sankatayidwa atagwira ntchito imodzi yokha. Potsuka mbale tenga mabeseni awiri, lina la sopo, lina lotsukuluzira, ndipo uyambe ndi makapu, mapoto a mafuta pomaliza. Poto wa nsima umuthire madzi pang'ono ukangoomola, nkhoko zifewe zokha. Madzi otsukuluzira zovala aja ndi abwino kukolopera, kuthira m'chimbudzi, ngakhale kuwaza pabwalo usanasese kuti fumbi lisabuke. Otsukira mpunga ndi masamba kathire mpiru ndi tomato kuseri kwa nyumba. Mayi anga anabzala nthochi pamene pankatulukira madzi a kubafa. Chilimwe chonse tsinde lija linkakhala lobiriwira pomwe kwina konse kuli gwa, ndipo ana tinkadya nthochi za madzi amene tinasamba tokha.

Potsuka mano, kapu imodzi yakwana. Mpopi ukamadontha, utchere ndowa usiku umodzi, m'mawa udzaone wekha kuchuluka kwake. Nthawi zambiri amakhala kalabala kam'kati kamene katha, kotsika mtengo kuposa madzi amene kakukutayitsa.

Koma pali mwambo umodzi wathu umene sindikufuna kuti uutengere, ngakhale apongozi atakuuza. Kale tinkasamba m'manja tonse m'beseni limodzi tisanadye, kuyambira akulu, mwana n'kumalizira m'madzi akuda. Tinkati tikusunga madzi, koma tinkapatsirana matenda. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maliro ake tinawaona. Thirira munthu aliyense ndi jagi, asambe ndi sopo, beseni lizingolandira pansi. Pamenepo usaumire. Wodutsa m'njira akapempha akumwa, umupatsenso chikho chodzadza, m'patse ndi manja awiri.

Tsono mawa ukamaliza kuchapa, usakhuthule. Nyamula beseni lija upite nalo kwa apongozi ako, ugwade, uwafunse kuti, "Amayi, madziwa ndithire pati?" Akuonetsa malo.