Kukuza minofu ndi masewera ndithu, kungoti wopambana amasankhidwa ndi oweruza

Achimwene, mwafunsa ngati mpikisano wokuza minofu (bodybuilding) ndi masewera enieni. Ndi masewera ndithu. Kungoti wopambana sadziwika ndi zigoli kapena wotchi, amasankhidwa ndi oweruza, monga zimakhalira pa gymnastics.

Bungwe lake lilipo, malamulo alipo, ndipo m'mipikisano yambiri anthu amagawidwa potengera kulemera kwa thupi. Bungwelo, IFBB, linakhazikitsidwa mu 1946, mpikisano waukulu wa Mr. Olympia unayamba mu 1965, ndipo mu 2019 masewerawa analipo pa Pan American Games, mpikisano wa maiko a ku America, mumzinda wa Lima ku Peru. Ku Olympics sanalowebe, ndipo ma steroid, mankhwala okulitsa minofu, awaipitsira mbiri kwambiri.

Otsutsa amati pa siteji munthu sanyamula kanthu, amangodzionetsa. Nzoona, koma ntchito yagona kumbuyo. Kwa masabata 12 mpaka 16 mpikisano usanafike, munthu amachepetsa chakudya pang'onopang'ono uku akunyamulabe zitsulo, akudya mapuloteni okwana pafupifupi magalamu 2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse. Akathamangira kuonda, minofu imapita limodzi ndi mafuta. Oweruza amayang'ana kukula kwa minofu, kufanana kwa mbali zonse ndi kuonekera kwa mizere yake. Kaimidwe nako nkofunika kuphunzira: msana wabwino umabisika ngati mwini wake sadziwa kuutambasula, ndipo kulimbitsa thupi lonse kwa mphindi zingapo kumathetsa mpweya.

Choopsa chili m'sabata yomaliza. Ena amasiya kumwa madzi kapena kumwa mankhwala okodzetsa, zomwe zimasokoneza mchere wa m'magazi, minofu n'kuyamba kukokana, mtima n'kumagunda mosalongosoka. Ngati mukufuna kupikisana, kaonaneni kaye ndi dokotala akupimeni mtima, impso ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo za chakudya akukonzereni katswiri wa kadyedwe.