Kodi mwana wanga aphunzirebe zamakompyuta?

Funso: Akonzi, mwana wanga wamaliza Giredi 12 ndipo akufuna kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, koma ndamva kuti makina oganiza, amene amati AI, akulanda anthu ntchito imeneyi. Kodi ndalama zanga za mtedza sizipita pachabe? Mayi wa ku Kapata, Chipata.

Yankho: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Chitulukireni ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso ndi kulemba zimene waiuza, mu Novembala 2022, komanso chifukwa cha zida zina za AI zothandiza kulemba mapulogalamu monga GitHub Copilot, ntchito zimene kale zinkapatsidwa kwa ongoyamba kumene, monga kulemba tizigawo tating'ono ta pulogalamu, zikutheka m'mphindi zochepa, motero mpata wa achinyamata wachepa. Komabe makinawa amalakwitsa, ndipo amalakwitsa mopanda manyazi, choncho pamafunika munthu wodziwa kuwerenga zimene alemba ndi kuona pamene anama pulogalamu isanagwire ndalama za anthu. Komanso netiweki ikafa pachipatala cha kumudzi, amene amapita kukalumikiza mawaya ndi munthu.

Muloleni aphunzire, koma azame pa masamu, netiweki ndi chitetezo cha makompyuta, ndipo azolowere kugwiritsa ntchito AI akadali pasukulu.