Kulemba za dyera, tsankho ndi kupusitsana popanda kulalikira

Mayi wina wa ku Ntcheu watilembera imelo. Akulemba nthano yaitali ya banja lomwe likulimbirana chuma cha masiye, ndipo akufunsa kuti aonetse bwanji kuipa kwa dyera, tsankho ndi kupusitsana osasandutsa bukulo ulaliki.

Mayi, yambani ndi chumacho, ndipo muchitchule bwinobwino. Mukangoti "chuma chambiri" owerenga sakhudzidwa. Nenani kuti ndi maekala atatu a kachewere ku Tsangano, chigayo, ndi nyumba ya malata. Wadyera musamutchule kuti wadyera. Alamu awo a namfedwa apemphe makiyi a chigayo maliro asanatuluke m'nyumba, akuti "ndingosunga". Apatseninso chifukwa chomveka, monga ngongole ya feteleza, chifukwa munthu woipa kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza amatopetsa, ndipo owerenga sadziona mwa iye. Kumbukirani kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chumachi ndi mlandu, choncho wadyera wa masiku ano sabwera ndi ngolo masana. Amayenda mwakachetechete.

Apa mpomwe pamalowera kupusitsa, ndipo mpomwe olemba ambiri amapunthwa. Wopusitsa sanama bodza la mkunkhuniza. Amanena zoona zitatu, chachinayi n'kupotoza pang'ono. Amauza mwana woyamba kuti "amayi anu akufuna kukwatiwanso", kwa amayiwo n'kukanena kuti "ana anu akukukayikirani". Owerenga aone mbali zonse ziwiri machaputala awiri kapena atatu banjalo lisanatulukire. Mukabisa mpaka kumapeto, mtima wawo sukhala m'mwamba.

Tsankho nalo lisagwe ngati mvula ya chilimwe, lichokere m'mbiri ya dera lanu. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Ntcheu ndi Dedza adalandira anthu ambiri othawa nkhondo ku Mozambique, ena adakwatira konkuno. Namfedwayo akhale mmodzi wa iwo. Zaka makumi atatu amutchula "mlamu", koma tsiku logawa munda wina n'kuti "obwera alibe malo kuno". Ngati mukufuna tsankho la khungu, mdzukulu wobadwa kwa bambo wachimwenye angakumane ndi zomwezo. Chomwe chimapweteka n'chakuti mawuwo akutuluka m'kamwa mwa munthu amene adadya naye m'mbale imodzi.

Chonde, pomaliza musaphe woipayo ndi mphenzi kapena ngozi ya minibasi. Chilango chichokere m'zochita zake: chigayo wachitenga, koma chafa, ndipo mphwake yekhayo wodziwa kuchikonza ndi uja adamuthamangitsa.