Yankho kwa azakhali pa za ufa wa whey uja

Azakhali, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali mu minibasi, phokoso lake losati n'kumvana. Ndamva funso lanu la chitini chija achimwene atumiza kuchokera ku Joni, cholembedwa kuti hydrolysed whey, ngati n'zoona kuti chimalimbitsa chitetezo cha m'thupi n'kuphwetsa mawondo anuwo.

Eee, tiyambe ndi whey yemweyo. Chambiko chikakhalitsa m'botolo, si pamapatuka timadzi tachikasu tija? Ameneyo ndiye whey. Kumafakitale a tchizi amatsala wambirimbiri, ndiye amamuumitsa n'kukhala ufa. Mwa mapuloteni onse a mumkaka wa ng'ombe, pafupifupi 20 pa 100 ali m'timadzi timeneto, 80 enawo ndi aja amaundana.

Tsono akalemba kuti hydrolysed, ndiye kuti puloteniyo anamuduladula kale. Amatenga ma enzyme, nthawi zambiri ochokera ku mabakiteriya, monga Alcalase wochokera ku Bacillus licheniformis, n'kumagwira ntchito ngati lumo mpaka patsale tizidutswa ting'onoting'ono, ma peptide. Kuwawa kuja mwati mwakumva mutalawa kumachokera pamenepo, sikuti ufawo wawonongeka ayi.

Za kutupazo, pali chilungamo chake. Akatenga tizidutswa tina n'kutithira pa maselo a chitetezo mu labotale, aja amati ma macrophage, maselowo amachepetsa kutulutsa zinthu zoyambitsa kutupa, monga TNF-alpha ndi IL-6. Pa mbewa zaonekanso, mbewa za mu labotale, osati zathu zapamsewu wa ku Lilongwe zija, hahaha. Komanso whey ali ndi cysteine wambiri, kamodzi mwa tinjerwa tomangira puloteni, amene thupi limapangira glutathione, woteteza maselo kuti asawonongeke.

Koma azakhali, kambale ka mu labotale si bondo la munthu. Inu mukamwa, m'mimba mumagayanso, tizidutswa tambiri timaphwanyika tisanafike n'komwe m'magazi. Kafukufuku wa pa anthu enieni ndi wochepa, ndipo wina amapeza kusintha pang'ono, wina osapeza kanthu. Ogulitsa amangotola za mbewa zija n'kuzikometsa.

Ndiye ine ndingati, poti chabwera kale, muzigwiritsa ntchito ngati chakudya. Ndi puloteni wabwino, makamaka inu amene nyama simuikonda kwenikweni. Supuni imodzi kapena ziwiri m'phala, litayamba kuzizira kuti usachite zibuma. Mapiritsi anu aja musasiye, chonde, ngakhale tsiku limodzi. Ndipo poti muli ndi shuga ndi BP, mukapita ku sikelo mukatenge chitinicho, adokotala akaone kaye mmene impso zilili, chifukwa impso zikafooka puloteni wochuluka amazilemetsa.

Kamwana ka achemwali kaja katuluka ziwengo ndi mkaka wa ng'ombe, musakapatse, uwu si mkaka wa ana uja amalemba kuchipatala. Mundijambulire kumbuyo kwa chitiniko nditumizireni, ndione ngati sanathiremo shuga.